Kusunga Matimati M'botolo Kufikira Dzinja

Kuyambira Ogasiti mpaka Okotobala, munthu wofika pa msika wa Limbuli kapena wa Chitakale m'boma la Mulanje amapeza madengu a matimati ali ndandanda, ofiira kuti psuu. Iyi ndiyo nyengo ya matimati a m'dimba, pamene olima m'mbali mwa Ruo ndi mitsinje ina yochokera m'phiri amathyola onse nthaŵi imodzi. Wotchula mtengo amakhala wogula, mlimi n'kungovomera, popeza matimati akupsa sachedwa kuwola. Otsala madzulo ambiri amathera kudzala. Koma pofika Januwale, mvula itakula ndipo chiwawu chitaloŵa m'minda, kamulu ka matimati anayi kamasanduka ka anthu a ndalama okha.

Vutoli si latsopano m'bomali. Bungwe la ADMARC, lomwe linakhazikitsidwa mu 1971, linali ndi fakitale ku Mulanje yoika zipatso m'zitini, ndipo dzina la Mulanje Peak linadziŵika m'masitolo ambiri. Nzeru ya ntchito yotere inachokera kwa Nicolas Appert wa ku France, amene mu 1810 anafalitsa njira yosungira chakudya pochitsekera m'botolo ndi kuliŵiritsa. Iyeyu anagwiritsa mabotolo ndi madzi otentha basi, zinthu zimene mayi wa kwa Mabuka kapena kwa Chikumbu angazipeze.

Ntchito imayamba ndi kusankha. Mitundu ya mnofu wambiri monga Tengeru ndi Roma ndiyo yabwino. Owola ndi obooledwa ndi mbozi ya Tuta absoluta, imene inafika m'Malaŵi mu 2016, aikidwe padera. Limodzi lokha litha kuipitsa mphika wonse. Abwinowo amatsukidwa, amaviikidwa m'madzi oŵira kwa mphindi imodzi, kenaka m'madzi ozizira, ndipo khungu limasendeka lokha. Akaphikidwa n'kufeŵa amasefedwa kuchotsa njere, ndipo msuziwo umabwerera pa moto wochepa, ukutakasidwa ndi mthiko, kufikira utatsala theka. Makilogalamu 3 amapereka pafupifupi lita imodzi ya msuzi wolimba. Mchere ndi kashuga pang'ono n'zokwanira. Nkhuni zimapita zambiri ndithu, ndipo pamene nkhalango ya m'phiri ikuperewera chotere, n'kwanzeru kuti mabanja angapo aphikire pamodzi.

Pamene ambiri amalakwa ndi pa botolo. M'dothi mumakhala kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, kamene mbewu zake sizifa ndi madzi oŵira. Kamakonda malo opanda mpweya ndi osaŵaŵasa, ndipo botolo lotsekedwa ndi nyumba yake yeniyeni. Poizoni wake amafooketsa minofu, kuyambira ya maso ndi ya pakhosi, mpaka munthu kulephera kupuma. Choopsa n'chakuti kaŵirikaŵiri sanunkha ndipo samveka pa lilime. Chimene chimakaletsa kukula ndi kuŵaŵasa, koma matimati ena, makamaka opsetsetsa, saŵaŵasa mokwanira. N'chifukwa chake pa lita iliyonse pamathiridwa masipuni aakulu 2 a madzi a mandimu, kapena 4 a viniga. Anyezi, adyo ndi mafuta asaloŵe m'botolomo, ngakhale wophika aziŵalakalaka. Adzathiridwa tsiku lophika ndiwo.

Mabotolo akhale a galasi, a kukamwa kwakukulu, opanda mng'alu, okhala ndi zivindikiro zachitsulo zogwira bwino. Atatsukidwa ndi kutenthetsedwa, amadzazidwa msuzi uli wotentha, kusiya kampata ka chala chimodzi pamwamba. Akatsekedwa amaimikidwa m'chimphika choyalidwa kansalu pansi, madzi n'kuŵamiza onse, ndipo amaŵira mphindi 45 kuŵerengera pamene madzi ayamba kubwata. Nthaŵiyi isadulidwe, pakuti Mulanje ndi malo okwera ndipo kumalo okwera madzi amaŵira asanatenthe kwenikweni.

Botolo likazizira, chivindikiro chake chiyenera kukhala choloŵa m'kati pang'ono. Lotere, likaikidwa pa malo a mdima ndi ozizira, limasungika mpaka chaka. Limene chivindikiro chatukuka, kapena msuzi wake ukuchita thovu, litayidwe osalaŵa n'komwe, ndipo likwiriridwe kumene ana, nkhuku ndi agalu sangafike. Lotsegulidwa, m'nyumba yopanda firiji, msuzi wake uŵiritsidwenso ndi kutha tsiku lomwelo.