Kodi mumadziwa? Akatswiri ojambula nkhope anayamba ndi kukopera

Kodi mumadziwa kuti Mona Lisa, chithunzi chotchuka cha Leonardo da Vinci, ali ndi mnzake? Ku Prado, nyumba yosungiramo zithunzi ya ku Madrid, kuli chithunzi chofanana nacho chomwe akatswiri akuti anajambula ndi wophunzira wa Leonardo da Vinci, atakhala pambali pa bwana wakeyo. Zinadziwika bwino atachotsa utoto wakuda womwe unaphimba mapiri a kumbuyo kwa mayiyo, mu 2012!

Nanga chenichenicho, cha ku Louvre ku Paris, mumayesa n'chachikulu? Chili pa thabwa, osati pa nsalu, ndipo n'chamasentimita 77 m'litali ndi 53 m'lifupi. Thumba la feteleza lopanda kanthu limachiposa kukula.

Kusukulu kukopera ndi mlandu, koma ku Louvre wokopera amapatsidwa chilolezo, bola chithunzi chake chisafanane kukula ndi chenichenicho. Mwambowu unayamba mu 1793. Ngakhale Vincent van Gogh, ali m'chipatala ku Saint-Rémy, anakopera zithunzi za Jean-François Millet pafupifupi 20.

Penti ya mafuta safuna munthu wapupuluma. Wophunzira amayamba ndi mithunzi ya m'maso, pansi pa mphuno ndi m'chibwano, amadikira kuti iume, kenako amapaka mtundu wa khungu pang'onopang'ono. Vanishi womaliza? Dikirani miyezi 6 kapena kuposa.

Utoto wabuluu wabwino unkachokera ku mwala wa lapis lazuli wa ku Afghanistan, ndipo nthawi zina unkakwera mtengo kuposa golide. Koma wofiira ndi wabulauni, umene umapatsa nkhope moyo, kawirikawiri unkangokhala dothi lopera!

Apa ndiye a ku Dedza tingadzitame. M'mapanga a Chongoni, monga ku Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi, Akafula anasiya zojambula zofiira, ndipo Achewa anadzawonjezera zoyera zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo malo ojambulidwawo alipo 127.

Mukatsika phiri n'kufika ku Mua, mupeza Kungoni, malo a zaluso omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. M'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare pamalopa muli nkhope za gule wamkulu zoposa 400.

Inu amene mumajambula kuseri kwa kope la masamu, sankhani nkhope imodzi ya akatswiri akalewa, muyambe ndi mithunzi. Mphuno ikapendekera, pakaninso.