Kodi mumadziwa? Mawu a agogo athu amavinidwa ku London

Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'midzi ya Achewa ndi Atumbuka m'zaka za m'ma 1950 sizinangokhala m'kabati ayi. Tracey ankayenda ndi galimoto yodzaza makina ojambulira mawu ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia, n'kumatchera maikolofoni pafupi ndi woimba kalimba, wa bangwe, ngakhalenso amayi oimba pamtondo. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, nkhokwe yosungiramo nyimbozi, yomwe lero ili ku Rhodes University ku South Africa.

Mu 2016 gulu la Beating Heart la ku Britain linatulutsa chimbale chotchedwa Malawi. Akatswiri opanga nyimbo pakompyuta, monga Machinedrum ndi Luke Vibert, anapatsidwa nyimbo zakalezo kuti azigwiritse ntchito. Katswiri amadula kachigawo kamasekondi ochepa, mwina kuwomba m'manja kapena kugunda kwa musi, n'kukabwereza kambirimbiri, kenako n'kuyalapo ng'oma zamagetsi. Mawu a mayi amene anamwalira kalekale amayamba kutsogolera gule watsopano.

Ine chimene chimandikhudza n'chakuti zinenero za m'nyimbozi n'zomwe zimayankhulidwa m'midzi yozungulira nkhalango ya Lukusuzi ku Zambia, kufupi ndi malire a Kasungu. Mnyamata wa kumeneko amene ali ndi foni kapena laputopu ndiye woyenera kuyamba kuzimva, chifukwa akumva zimene agogowo akunena, pamene mlendo amangomva kukoma kwa mawu.