Za Mpweya wa Injini ndi Botolo la Madzi

Kwa eni makomo, ndi onse akusunga injini pamudzi.

Mafuta a injini ali a mtengo wapatali, ndipo munthu ali yense wokhala ndi cigayo, kapena injini yopopera madzi kudimba, kapena njinga yamoto, afunafuna njira yakuti mafuta ace akhalitse. Cifukwa ca ici mau ena ali kuyenda m'midzi ndi m'misika, akuti: Tenga botolo, thiramo madzi, lowetsamo timapaipi tiwiri, kena komira m'madzi, kena kopita ku khosi la injini, pamenepo injini idzakoka mpweya wosambitsidwa ndi wacinyontho, ndipo mafuta adzatha pang'ono pokha. Ena agulitsa botolo lotere lokonzeratu. Akuruakuru angapo andifunsa ngati nkoyenera kutayirapo ndalama, ndipo ndifuna kuwayankha poyera. M'mauwo muli coona pang'ono. Koma coonaco ciyenera kupetedwa bwino, pakuti mankhusu acuruka koposa maso.

Injini ipuma

Wosula makasu adziwa kuti makala okha sangafewetse citsulo, afunika mbvukuto. Comweco injini. M'kati mwace muli cipinda cacitsulo conga mtondo, cimene amisiri acicha silinda, ndi pisitoni yoyendamo monga munsi. Pisitoni potsika ikoka mpweya, pokwera iupanikiza, pamenepo mafuta apsya nakankha pisitoni ndi mphamvu, ndipo pokweranso ituruka utsi. Injini ya petulo iyatsa moto ndi pulagi. Ya dizilo iribe pulagi yotere: ipanikiza mpweya kufikira utentha kopambana, ndipo dizilo pofika ayaka yekha.

Cimene ambiri sacidziwa ndi kucuruka kwa mpweyawo. Kuti lita 1 ya petulo ipsye bwino ifuna mpweya wokwanira malita 9,000, ndiyo migolo 45 ya malita 200. Injini ya dizilo ya silinda imodzi, yonga zimene zizungulitsa zigayo zazing'ono, ikhoza kumeza migolo 4 ya mpweya pa mphindi imodzi. Pa nchito ya maola 8 ndiyo migolo yofika pafupi 2,000. Tsono taganizani za mpweya wa m'nyumba ya cigayo mwezi wa Okutobala, pamene ufa ndi gaga ziri kuuluka, ndi kabvumvulu alowa pakhomo.

Pfumbi la m'njira ndi la m'munda ndilo mcenga wosalala, ndipo mcenga uuma koposa citsulo ca silinda. Likalowa lisanganizika ndi oyilo, ndipo pisitoni ilipera kukwera ndi kutsika kosaleka, monga munthu wonola mpeni pamwala. Citsulo cidyeka. Poyamba mwini injini aona kuti ibvuta kudzuka m'mawa. Pambuyo pace iyamba kudya oyilo ndi kuturutsa utsi wobiriwira. Potsiriza mphamvu yatha, ndipo mmisiri afuna mtengo wa ng'ombe kuti aikonze. Cifukwa cace opanga injini aika sefa pakamwa pace, kuti mpweya wonse udzere pamenepo. Cotero theka la mau aja, lakuti mpweya ukhale wosefa, nloona ndithu. Koma nchitoyo iri nayo mwini wace kale.

Kumene mau a madzi anacokera

Za madzi sizinapekedwe dzulo. M'dziko la America alimi analima ndi mathirakitala oyendera parafini, popeza anali wochipa koposa petulo. Koma parafini ali ndi khalidwe loipa: injini ikatentha ndi kulemedwa, sayembekeza kuti moto wa pulagi umfikire mwa dongosolo, koma aphulika yekha, ndipo m'kati mumveka kugogoda monga nyundo pacitsulo. Kugogoda kumeneku kucotsa mphamvu, ndipo kukapitirira kuboola pisitoni. Mankhwala ace anawapeza m'madzi. Thirakitala ya Rumely OilPull, imene anayamba kugulitsa m'caka ca 1910, inali ndi kabureta yopereka parafini pamodzi ndi madzi. Ndipo madziwo analowa makamaka pamene katundu walemera. Ya Fordson, imene Henry Ford anaturutsa m'caka ca 1917, inali ndi cotengera ca madzi cimene mpweya unadzeramo usanafike ku injini, kuti pfumbi litsale m'madzimo, ndi mpweya utengeko cinyontho. Ici ndico kholo la botolo limene ali kukugulitsani. Pamene ndinali kuphunzira zaulimi kunja ndinaona thirakitala yotere yosungidwa, ndipo nkhalamba yoisamala inati nchito yoyamba m'mawa uliwonse inali kukhuthula matope m'cotengeraco.

Pa nkhondo yaikuru ya 1939 kufikira 1945 anacitanso comweco m'ndege zankhondo. Aamerika anacita m'ndege yochedwa P-47, ndi Ajeremani m'ndege za Messerschmitt, kumene anasanganiza madzi ndi mtundu wina wa sipiriti, theka ndi theka. Woyendetsa anatsegula madziwo pa nthawi ya zoopsya yokha, mphindi zowerengeka, kuti injini ipereke mphamvu yoposa osasweka.

Kodi madzi anacita ciani m'menemo? Anaziziritsa, ndipo ndi cokhaco. Mudziwa umo thukuta liziziritsa thupi pouma, ndi umo mtsuko wadothi usunga madzi ozizira cifukwa ca kucuca kwace. Madzi posanduka nthunzi ameza kutentha kwambiri, koposa petulo wolemera cimodzimodzi kasanu ndi kamodzi. Cotero m'silinda yotenthetsa madzi aletsa mafuta kuphulika nthawi isanakwane. Koma madzi eni ace sapsya, ndipo alibe mphamvu yakuipereka. Kunena zoona, iwo ndiwo cotsala ca moto, monga phulusa: lita 1 ya petulo ikapsya ibala madzi okwanira pafupi lita 1, ndiwo madontho amene muwaona kukamwa kwa paipi ya utsi m'mawa wozizira. Ndani asonkha moto ndi phulusa? Oyendetsa ndege aja sanasunge mafuta ai. Madzi anawalola kutentha mafuta ocuruka koposa.

Injini zathu nzosiyana

Parafini tinaleka kuyendetsera injini. Petulo wa masiku ano apirira kupanikizidwa koposa, ndipo injini ya njinga yamoto kapena ya pampu, ikakhala yabwino, sigogoda. Ikagogoda, pali cina colakwika, kapena mwaye wadzala m'kati, kapena moto wa pulagi ufika msanga, ndipo cofunika ndi mmisiri. Kupatsa madzi injini yosagogoda kufanana ndi kumwetsa mankhwala a malungo munthu wosadwala.

Za dizilo ndinenetse, popeza zigayo zambiri ziyendera iye. Injini ya dizilo ikoka kale mpweya wocuruka koposa umene mafuta ace afuna, cotero kuuonjezera pa kapaipi sikupindula kanthu. Ndiponso moto wace uyaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Mukauziziritsa ndi madzi, muibvutitsa kudzuka. Nzoona kuti m'zombo zina zazikuru za panyanja athira madzi m'mpweya wa injini za dizilo, koma acita ici kuti utsi ucepe ululu, ndipo ali ndi makina oyesa dontho liri lonse.

Tsono tiwerengenso. Mpweya uli nao madzi ace kale. M'nyengo ya dzinja, migolo 45 ija imene lita 1 ya petulo ifuna itenga madzi osaoneka okwanira theka la kapu, kapena kuposerapo. Koma madzi a m'botolo lija atsika pang'ono pokha pa sabata lathunthu. Ngati cinyontho cikadasunga mafuta, tikadaona zigayo zonse zikudya dizilo wocepa m'Januwale koposa m'Okutobala, ndi njinga zamoto za ku Thyolo zikuyenda ulere masiku a ciperoni.

Wina adzati, Koma ine ndamva ndekha kuti injini ikoka bwino usiku ndi pambuyo pa mvula. Simunanama. Koma cifukwa cace ndi kuzizira. Mpweya wozizira upanikizana, ndipo silinda ilandira wocuruka: pa madigiri 15 mpweya ulemera koposa wa pa madigiri 35 ndi magawo 7 pa 100. Cinyontho cokha cicepetsako mphamvu, pakuti nthunzi ilanda malo a mpweya umene moto ufuna. Momwemonso pamapiri mpweya ucepa. Injini itaya magawo ngati 3 pa 100 a mphamvu yace pa mamita 300 ali onse okwera, ndipo imene inakoka bwino ku Nsanje idzaoneka yaulesi ku Dedza, ngakhale iribe nthenda.

Boma la America, mwa bungwe lace la EPA, linayesa zipangizo zoposa 100 zonenedwa kuti zisunga mafuta, kuyambira zaka za m'ma 1970. Pakati pa izo panali zoboola khosi la injini kuti mpweya ulowe, ndi zina zodzeretsa mpweyawo m'botolo la madzi. Sanapeze ngakhale cimodzi cosunga mafuta kwenikweni.

Zoopsya zace

Cikadakhala copanda phindu cabe, ndikadati mwataya ndalama za botolo, kwatha. Koma kuti aike kapaipi ayenera kuboola khosi la injini kuseri kwa sefa, ndipo mwatsegulira mpweya khomo laciwiri lopanda mlonda. Masiku oyamba madzi agwirako pfumbi lina. Tsono madzi auma mwini ali kumaliro, kapena mphira ing'aluka ndi dzuwa, ndipo pfumbi lilowa molunjika. Pa injini ya petulo mpweya wolowa kuseri kwa kabureta usungunula cakudya ca injini, monga phala locuruka madzi. Izima poima, itsokomola pokwera citunda, ndipo polemedwa ikhoza kutenthetsa ndi kupsereza timakomo ta silinda, timene aticha mavalavu.

Coopsya coposa ndi ici. Mpweya upanikizika, madzi sapanikizika. Pisitoni ikafika pamwamba, malo otsala m'injini ya cigayo ali ngati masupuni akuru awiri kapena atatu; m'njinga yamoto yaing'ono ali ngati supuni imodzi. Botolo likapendeka, kapena mwana akalidzaza kufika pakamwa, injini imeza madzi eni eni, pisitoni igunda ngati pathanthwe, ndipo mkono wace upindika. Ndinaona izi pa cigayo cimene mabanja angapo anasonkherana ndi ndalama za fodya. Cinaima nyengo yonse ya masika, akazi nabwerera ku mtondo, ndipo mlandu wa yemwe analola botololo unafika kwa mfumu.

Cimene cisungadi mafuta

Sefa yotsekeka ndiyo idya mafuta. Injini ya dizilo ikasowa mpweya ituruka utsi wakuda, ndipo utsi wakudawo ndiwo dizilo wanu wosapsya, wopita kumitambo. Masefa ali a mitundu itatu, ndipo kusamala kwace kusiyana.

Ya oyilo, yopezeka pa zigayo zambiri, iri ndi mbale pansi pace. Mpweya ugunda pa oyiloyo, pfumbi limira, ndipo lotsala likodwa m'mawaya a pamwamba. Njira imeneyi ndiyo inalowa m'malo mwa madzi a Fordson, popeza oyilo sauma msanga ndipo sadzetsa dzimbiri. M'malimwe yang'anani mbaleyo tsiku ndi tsiku; pisani cala, ndipo mukapeza matope khuthulani, tsukani mbale ndi mawaya m'parafini kapena dizilo, zikhe bwino, ndi kuthira oyilo wa injini kulekeza pa mzere wolembedwa. Musapitirire mzerewo poyesa kucita bwino. Injini ya dizilo ikayamwa oyiloyo imtentha monga mafuta, ndipo ikhoza kuthamanga yosaimika.

Ya pepala isasambitsidwe, ndipo isadzozedwe oyilo. Igogodeni pang'ono padzanja, ndipo iunikeni padzuwa. Mukaona kaboo ngakhale konga diso la singano, gulani yina. Ya siponji, ya pa njinga zamoto ndi mapampu ang'ono, icapidwa ndi sopo, iumitsidwa, ndi kudzozedwa oyilo pang'ono wofinyidwa bwino. Ndaona anyamata akucotsa sefa konse, ati injini ilire mokoma. Mwini njinga aletse zimenezo.

Pa cigayo, injini ikhale m'cipinda cace, khoma liri pakati pa iyo ndi ufa. Ngati sikutheka, talikitsani paipi ya mpweya ituruke kunja, pamwamba, kumthunzi ndi kutali ndi paipi ya utsi, muiveke cipewa ca lata kuti mvula isalowe. Paipiyo ikhale yotakata koposa khosi la injini, isakhale yopapatiza. Potero mupeza mpweya woyera ndi wozizira, umene botolo linalonjeza. Kamodzi pa mwezi masulani paipi ya pakati pa sefa ndi injini, ndi kupisamo cala. Cikaturuka ndi pfumbi, pali pena pakudontha, ndipo mupafune tsiku lomwelo.

Wina akaumirira kuti botolo lace linathandiza mnansi wanu, funsani cimene anacita poliika. Kawirikawiri atsuka sefa, napukuta pulagi, nakonza kabureta, ndipo ulemu wa nchitoyo upita kwa botolo. Yesani nokha cotere: tsukani sefa poyamba, dzazani thanki kufika pa cizindikiro, gayani matini 20 a cimanga couma, ndipo dzazaninso ndi botolo loyesera, ndi kulemba m'buku mafuta amene alowa. Citani ici masiku 5 pa ola lomwelo. Pamenepo muuzeni ayese cace pa injini ya iye mwini ndi muyeso womwewo, inu muli pomwepo ndi buku lanu.