Injini sinoka osatsanzika

Nsomba yaiwisi sidikira munthu. Ikachoka m'madzi ku Senga Bay, Lifuwu, Chikombe kapena Chipoka m'bandakucha, imafunika kufika pamsika dzuwa lisanatenthe. Ambiri mwa ageni amadalira matola, magalimoto ang'onoang'ono osatseka kumbuyo amene ena mwa iwo ndi aakulu zaka kuposa madalaivala awo.

Mumsewu wochoka ku Senga Bay kupita ku Kamuzu Road, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, mumadutsa ma Toyota Hilux akale, ma Isuzu KB, ma Nissan Hardbody ndi tima Nissan 1400 timene adasiya kupanga ku South Africa m'chaka cha 2008. Magalimotowa ndi olimba, koma ali ndi mdani mmodzi amene eni ake onse amamuopa: kunoka kwa injini.

Galimoto ikanoka panjira, otaya si mwini wake yekha. Mayi amene wapikula chambo ndi ndalama yangongole amangoonerera madzi oundana akusungunuka m'dengu, mpamba wake uli kupita.

Njira imene ili pakati pa nyanja ndi likulu ndi yosautsa injini yokalamba. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita osafika 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ali pamamita opitirira 1,000. Choncho galimoto yodzaza madengu, matumba a mpunga ndi anthu imakwera zitunda za msewu wa M14, kudutsa ku Mvera ndi pa Chezi, ili pagiya yaing'ono. M'miyezi ya October ndi November, pamene Salima amatentha ngati ng'anjo, oyilo amapyapyala ngati madzi, ndipo apa m'pamene matenda obisika amaonekera.

M'kati mwa injini muli chitsulo chachikulu chozungulira chotchedwa crankshaft. Chitsulochi chimakhala pa ma bearing, koma sichiyenera kuwakhudza. Pampu imakoka oyilo kuchokera m'sampu n'kumukankha mwamphamvu pakati pa zitsulozo, kotero kuti chitsulocho chimayandama pa oyilo. Ma bearing akatha, mpata umakula, oyilo amathawa msanga ndipo mphamvu yake imatsika. Zitsulo zimayamba kumenyana. Kugogoda kumene kumamveka ndi komweko.

Komatu si phokoso lililonse limene lili imfa. Amakaniko odziwa ntchito amayamba ndi khutu, sipana ikadali m'bokosi. Ena amagunditsa nsonga ya sikuludiraiva yaitali painjini, chogwirira n'kuika pakhutu, kuti amve kumene phokoso likuchokera.

Kaphokoso kopepuka ka "tiki-tiki" kochokera pamwamba nthawi zambiri amakhala ma tappet ofuna kuchuna, ntchito ya mphindi zochepa. Phokoso lomveka m'mawa injini ikadali yozizira, n'kutha ikatentha, limaloza pisitoni yomasuka m'chibowo chake, ndipo galimoto yotere imatha kuyendabe nthawi yaitali. Ya petulo ikamalira ngati timiyala m'chitini pokwera chitunda, vuto limakhala timing, kutentha kwa injini kapena mwaye wochuluka pamwamba pa mapisitoni. Ya dizilo imatha kugogoda chifukwa cha injekitala yodontha.

Choopsa ndi kugogoda kolemera kochokera pansi, kumene kumakula injini ikatentha komanso dalaivala akaponda moto. Pofuna kudziwa silinda yolakwa, makaniko amazula nthambo ya pulagi imodziimodzi, kapena kumasula pang'ono paipi ya injekitala ngati ndi ya dizilo. Phokoso likachepa pa silinda ina, ndiye kuti bearing yake yatha.

Chenjezo lina ndi kanyali kofiira ka oyilo. Madalaivala ambiri amakaona kakuphethira galimoto itaima pasiteji n'kunena kuti ndi vuto la waya. Ena amafika pozula babu kuti asamasowe mtendere. Chimene sadziwa n'chakuti kanyalika kamayaka mphamvu ya oyilo itatsika kale kwambiri, m'magalimoto ambiri pansi pa theka la bar. Kakayaka galimoto ikuyenda, chanzeru n'kuimika pambali ndi kuzimitsa injini nthawi yomweyo, osati kuyesa kukafika pa Chezi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba n'kusolola dipstick. Oyilo akhoza kungokhala wochepa. Akamaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, kawirikawiri kudzera pa head gasket. Akamanunkha dizilo kapena petulo ndipo mlingo wake ukukwera wokha, mafuta akutsikira m'sampu n'kumusungunula.

Chachiwiri n'kuchotsa switch ya kanyali kaja n'kumangapo geji yoyezera, chifukwa switch nayo imanama ikakalamba. Kuyezaku kumachitika injini itatentha bwino. Mlingo weniweni uli m'buku la galimotoyo, koma amakaniko ambiri amayendera lamulo lakale lakuti pakhale pafupifupi 0.7 bar pa maulendo 1,000 alionse amene injini ikuzungulira pamphindi. Geji ikaonetsa bwino injini ili yozizira n'kugwa ikatentha, ma bearing kapena pampu zatha. Ikagwa injini ikathamangitsidwa, mwina kasefa ka m'sampu katsekeka ndi matope a oyilo wakale.

Chachitatu n'kung'amba filita yakale. Tizidutswa tonyezimira ta chitsulo kapena ta mkuwa m'kati mwake ndi umboni wakuti ma bearing akudyeka.

Vuto likagwidwa msanga, ntchito imakhala yotsitsa sampu, kutsuka kasefa ndi kusintha ma bearing. Likachedwa, crankshaft imakandika ndipo imayenera kupita kumakina kuti akaipale, poyamba ndi mamilimita 0.25, n'kugula ma bearing ogwirizana nayo. Mwini akaumirirabe, mkono wa pisitoni umathyoka n'kuboola injini, ndipo chotsala n'kusaka ina yonse.

Chimakankhira anthu kuphompho ndi ndalama. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo oyilo, mafilita ndi zipangizo zonse ndi zoitanitsa kunja. Eni magalimoto ena adayamba kungothiramo oyilo wowonjezera osakhetsa wakale, ena kugula wam'mabotolo wosadziwika kumene wachokera. Enanso amathira oyilo wolemera kwambiri kuti phokoso lichepe, makamaka pofuna kugulitsa galimoto. Phokoso limabisikadi, koma chitsulo chodyeka sichimeranso.

Kumchenga wa kunyanja, injini yakale ya dizilo imafuna oyilo ndi filita zatsopano pa makilomita 5,000 alionse, ndipo galimoto yopita ku Lilongwe n'kubwera tsiku ndi tsiku imakwanitsa mtundawu mwezi usanathe. Filita ya mpweya nayo siyenera kuiwalika, chifukwa fumbi likalowa limapala injini ngati tupa.

Ogula galimoto yakale amalangizidwa kuiyendetsa mpaka itatentha, kukwera nayo chitunda, kenako kuimika n'kuona ngati kanyali kaja kakuphethira. Ayeneranso kuonetsetsa kuti kamayaka akangotembenuza kiyi injini isanalire. Kakapanda kuyaka, mwina wina adakazula dala.