Mkangano wa Afilosofi ndi Alakatuli ku Greece Wakale

M'cigawo cakhumi ca buku lake lochedwa Republic, Plato akunena kuti pali mkangano wakalekale pakati pa filosofi ndi ulakatuli. Ife tikuona kuti phata la mkanganowu linali maphunziro: ndani ayenera kuumba khalidwe la acinyamata?

Ana a mu Athens anali kuloweza ndakatulo za Homer, ndipo ambiri anali kumuyesa mphunzitsi wa Agiriki onse. Koma Plato asanabadwe, Xenophanes anali atadzudzula kale Homer ndi Hesiod cifukwa copatsa milungu makhalidwe onyansa monga kuba, cigololo ndi cinyengo. Alakatuli nawo sanakhale cete. M'caka ca 423 Kristu asanabadwe, Aristophanes anatonza Socrates m'sewero la Clouds. Ndipo malinga ndi Plato, pamlandu umene unamuphetsa mu 399, Socrates ananena kuti Meletus anamsumira m'malo mwa alakatuli.

Zifukwa za Plato ndi zitatu. Coyamba, m'buku la Ion akuti mlakatuli salankhula mwa cidziwitso koma mogwidwa ndi mzimu, motero sangafotokoze zimene wanena. Caciwiri, ndakatulo ndi kutsanzira cabe: mmisiri amapanga bedi potsata maonekedwe ake enieni osasinthika, wojambula amangotengera bedi la mmisiri, ndipo mlakatuli ali pamodzi ndi wojambulayo, kutali ndi coonadi. Cacitatu, ndakatulo zimathirira cisoni ndi zilakolako zimene nzeru iyenera kuziweta. Pa zifukwa izi, mumzinda wake wangwiro analolamo nyimbo zotamanda milungu ndi anthu abwino zokha.

Wophunzira wake, Aristotle, anaona mosiyana. Mu Poetics akuti kutsanzira ndi cibadwa ca munthu ndiponso njira yake yoyamba yophunzirira. Akutinso ndakatulo ili pafupi ndi filosofi kuposa mbiri yakale, pakuti mbiri imasimba zimene zinacitika, pamene ndakatulo imaonetsa zimene zingacitike. Sewero lomvetsa cisoni, iye akutero, limadzutsa cifundo ndi mantha kuti lizitsuke.

Tisaiwale kuti Plato mwini wake anatseka Republic ndi nthano ya Er, msilikali amene anauka kwa akufa. Amene anapitikitsa alakatuli sanathe kuphunzitsa popanda nthano. Tsono ife aphunzitsi a zinenero, posankha ndakatulo kapena nthano yoti ana awerenge, tikuyankha funso lomwelo: mau okoma amene timawapatsa akuwaumba kukhala anthu otani?