Bambo ali ku Joni, mwana wayamba kuvuta: musafulumire kumukalipira

Makolo anzanga, kuno ku Chintheche si zachilendo kumva kuti bambo wa pakhomo ali ku Joni. Amuna a ku Nkhata Bay anayamba kalekale kupita ku South Africa ndi ku Zimbabwe kukafuna ntchito, ena mpaka anasanduka matchona. Bambo akachoka, amayi ambiri amadandaula kuti mwana akungolira, sakufuna kuchoka kumsana, mwinanso wayambiranso kukodza pogona.

Katswiri wa za maganizo, Kurt Lewin, analemba mu 1936 kuti khalidwe limachokera pa zinthu ziwiri: munthuyo mwini, ndi zonse zomuzungulira monga akuzionera pa nthawiyo. Ndiye musanamutche mwana kuti ndi wovuta, yang'anani zomwe zasintha pakhomo. Bambo palibe, ndalama zikubwera mwa apo ndi apo, mayi nkhawa tho. Mwana amaziona zonsezi ngakhale sanena.

Mu 1954 ndi 1955, Mary Ainsworth ankayendera mabanja 26 pafupi ndi Kampala ku Uganda. Anapeza kuti mwana amene mayi ake amazindikira msanga zomwe akufuna amakhala wodekha. Amatsika pamwendo kukasewera, akachita mantha n'kubwerera. Choncho mwana wokakamira mayi akufuna kutsimikiza kuti nayenso mayiyo sachoka. Kumumenya n'kungowonjezera manthawo.

Akuluakulufe n'chimodzimodzi. Mu 1987, Cindy Hazan ndi Phillip Shaver anasonyeza kuti okondana amadalirana mofanana ndi mwana ndi kholo lake. Mayi woimba foni kasanu pa tsiku mwina si nsanje ayi, wangosowa chomukhazika mtima pansi.

Tsono inu abambo, musachoke mozemba mwana ali m'tulo. Tsanzikani. Gwirizanani tsiku loimba foni ndipo musaliphonye, ngakhale mulibe ndalama yotumiza. Mwana amve mawu anu.

Inu amayi, mukapita kunyanja kukapikula usipa, msiyireni mwana munthu mmodzi yemweyo amene anamuzolowera, kaya ndi agogo kaya azakhali. Musamamuopseze kuti "ndikusiya", mawu amenewo amawatenga ngati zoona. Nanunso pezani wouza nkhawa zanu, pakuti mayi akadekha mwana amadekhanso.

Koma ngati mwanayo akukana kudya, akuwonda kapena thupi latentha, musazengereze. Pitani naye kuchipatala cha Chintheche akamuone.