Zakudya, kunenepa ndi khansa ya prostate: zomwe kafukufuku akusonyeza

Prostate ndi kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo, kozungulira njira ya mkodzo. Kukula kwake n'kofanana ndi chipatso cha masuku, ndipo ntchito yake ndi kupanga ena mwa madzi a umuna. Khansa ya kachiwaloka ili m'gulu la khansa zofala mwa abambo ku Malawi, ndipo ambiri amafika kuchipatala matendawa atafalikira kale, nthawi zina mpaka m'mafupa. N'chifukwa chake funso lakuti "tidye chiyani kuti tiipewe" limabwera kawirikawiri pa maphunziro a zaumoyo m'midzi. Funsoli lili ndi yankho, koma si lalikulu ngati mmene ogulitsa mankhwala m'misika amanenera.

Zinthu zitatu zomwe zimakweza chiopsezo kwambiri sizisinthika. Choyamba ndi zaka: khansayi siyofala mwa abambo osakwana zaka 50, ndipo imachuluka pamene munthu akukula. Chachiwiri ndi mtundu wa kubanja: mwamuna amene bambo ake kapena mchimwene wake anadwalapo ali ndi chiopsezo choposa kawiri cha anzake. Chachitatu ndi kukhala wochokera ku Africa. Ku Britain, mwamuna mmodzi mwa 4 aliwonse akuda amapezeka ndi khansayi pa moyo wake, pamene mwa amuna onse ndi mmodzi mwa 8. Palibe chakudya chomwe chingafufute zinthu zitatuzi.

Pa zomwe munthu angasinthe, umboni wolimba uli pa kunenepa. Lipoti la World Cancer Research Fund la 2014 linapeza kuti kunenepa kwambiri kumakweza chiopsezo cha khansa ya prostate yamtundu woopsa, yomwe imakula msanga ndi kufalikira. Akatswiri akuganiza kuti mafuta ochuluka m'thupi amasokoneza insulin ndi mahomoni ena, zomwe zimathandiza maselo a khansa kukula. Palinso vuto lina: mwa abambo onenepa, mlingo wa PSA m'magazi umaoneka wotsikirapo, choncho matenda angachedwe kudziwika. Uthengawu ndi wovuta kuufikitsa m'matauni, komwe mimba yaikulu imatengedwabe ngati chizindikiro chakuti zinthu zikuyenda. Wogwira ntchito zaumoyo yemwe alibe sikelo angagwiritse ntchito chingwe: ayeze msinkhu wa bamboyo, apinde chingwecho pakati, kenako achizungulize pamimba, pamwamba pang'ono pa mchombo. Chikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka.

Fodya ndi wachiwiri. Kusuta sikuoneka kuti kumayambitsa khansayi mofanana ndi khansa ya m'mapapo, koma osuta akadwala amamwalira nayo kwambiri kuposa osasuta. Kafukufuku wa ku America wa 2011 anasonyeza kuti abambo amene anasiya fodya zaka 10 kapena kuposerapo asanapezeke ndi matendawa anali ndi chiopsezo cha imfa chofanana ndi omwe sanasutepo. Masewero olimbitsa thupi amathandiza makamaka poletsa kunenepa. Bungwe la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mlimi wolima ndi khasu kapena woyendetsa kabaza wa njinga amaposa mlingowu osadziwa. Amene ayenera kukumbutsidwa ndi dalaivala, mlonda ndi wa muofesi.

Nkhani ya matimati ndi yomwe imatchuka kwambiri, ndipo ikufunika kusamala. Mu 1995 ofufuza a ku Harvard anapeza kuti abambo odya zakudya za matimati kawirikawiri ankadwala khansayi mocheperapo, ndipo anaganizira lycopene, chinthu chomwe chimapangitsa matimati kufiira. Mu 2007 World Cancer Research Fund inaona umboniwu ngati wamphamvu ndithu, koma pofika 2014 inautsitsa, chifukwa kafukufuku wotsatira sanagwirizane. Matimati ndi abwinobe, ndipo thupi limatenga lycopene mosavuta akaphikidwa ndi mafuta pang'ono, monga mmene ndiwo zimaphikidwira kale m'makomo. Cholakwika n'kuuza munthu kuti matimati amuteteza.

Chimodzimodzinso nyama. Mu 2015 bungwe la IARC linaika nyama yosungidwa ndi mankhwala kapena utsi, monga masoseji ndi polony, m'gulu la zoyambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo linati nyama yofiira mwina imayambitsanso khansa, kuphatikizapo ya prostate, ngakhale umboni wake ndi wochepa. Kuchepetsa kanyenya ndi tchipisi za pachiwaya n'kudya nyemba, nandolo, soya, nkhwani, bonongwe ndi usipa ndi uphungu wabwino, makamaka chifukwa umathandizanso pa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Za mkaka, umboni wochepa ukusonyeza kuti kumwa wambiri kungakweze chiopsezo, koma unachokera m'mayiko momwe anthu amadya za mkaka tsiku lililonse. Si chifukwa choletsera mkaka banja lomwe limaupeza mwa apo ndi apo.

Phunziro lalikulu linachokera ku mapiritsi a mavitamini. Kafukufuku wotchedwa SELECT, yemwe anayamba mu 2001, anatsatira abambo oposa 35,000 ku United States, Canada ndi Puerto Rico pofuna kuona ngati vitamini E ndi selenium zingateteze. Mapiritsiwa anaimitsidwa mu 2008 ataoneka kuti sakuthandiza, ndipo zotsatira za 2011 zinasonyeza kuti omwe ankamwa vitamini E okha anadwala khansayi mochulukirapo ndi 17 peresenti. Bambo akabwera ndi botolo lomwe wagula pa mtengo wokwera kuti "litsuke prostate", nkhani imeneyi ndi yoyenera kumufotokozera mofatsa, osamunyoza.

Chomwe chingapulumutse moyo msanga ndi kufika kuchipatala pa nthawi yake. Khansayi ikamayamba nthawi zambiri siionetsa chizindikiro chilichonse. Kukodza movutikira, mkodzo wotuluka pang'onopang'ono ndi kudzuka kangapo usiku kawirikawiri zimachokera ku kukula kwa prostate kosakhala khansa, koma ndi dokotala yekha angasiyanitse, kudzera mu kuyeza PSA ndi kupima ndi chala kuthako. Abambo ambiri amaopa kupima kumeneku, choncho ndi bwino kuwauziratu kuti kumatenga nthawi yochepa. M'madera a m'mbali mwa nyanja, magazi mu mkodzo amangotengedwa ngati likodzo. Mwa bambo wa zaka zoposa 50, makamaka akamamvanso kuwawa kwa msana kapena m'chiuno kosatha, atumizidwe kuchipatala cha boma ngakhale atamwa kale praziquantel. Amene bambo ake kapena mchimwene wake anadwala khansayi ayambe kukambirana za kuyezetsa ndi dokotala ali ndi zaka za m'ma 45.